Suti ya Tcheyamani

Telala wa pakona, munthu woti akanena kuti buluku lakukwanani ndiye kuti lakukwanani ngakhale mukulephera kupuma, anatsimikiza mtima kugulitsa makina ake aakulu amagetsi kuti agule masheya m'kampani ina ya masitolo. Mkazi wake analamula kuti makinawo asatuluke pakhomo mpaka mlongo wake, kalaliki wa maakaunti woti ukamupatsa moni amayamba waganiza kaye, atawerenga lipoti la pachaka la kampaniyo. Ndiye masana amenewo kalaliki analowa m'shopu, wogula makina ali kale m'njira ndi kalole kake.

"Khalani, alamu. Ayi, osati pa nsalu ya kasitomala! Apo." Telala anaponya chibuku chonyezimira pathebulo lodulirapo nsalu, n'kuchitsegula koyambirira. "Ntchito yanu ndi yochepa. Taonani apa, mundiuze zimene mukuona."

Kalaliki anapukuta magalasi. "Ndikuona munthu."

"Munthu! Sukulu yonse ija, ndalama zonse anawononga malemu bambo anu, mukuona munthu?"

"Wamwamuna. Wadazi."

"Suti, alamu! Suti! Ameneyu ndiye tcheyamani wa kampani. Taonani phewa mmene lakhalira, lopanda khwinya. Taonani kolala mmene yagonera pachifuwa. Ine ndakalambira pa singano, ndikudziwa: munthu wovala chonchi sagwetsa kampani. Wogwetsa kampani amaonekera batani."

"Batani?"

"Akamanga jekete, batani limalira. Ili likulira?"

Kalaliki anayang'anitsitsa. "Pachithunzi sizimveka."

"Aaa, inu! Ingowerengani msanga, muuze mlongo wanu kuti zili bwino, lole isanafike."

"Achemwali anati ndiwerenge manambala."

"Eya. Werengani abwinowo."

"Sanasankhe." Kalaliki ananyowetsa chala n'kuyamba kudumpha masamba: ana akumwetulira m'matirole, atsikana a yunifomu akuonetsa mano, tomato wowala ngati wapakidwa polishi.

"Iii! Mukudumpha pokoma!"

"Pokomapo analemba a zotsatsa malonda. A maakaunti analemba kumbuyo kuno."

Telala anatikita tsambalo ndi zala ziwiri, nakwinya mphuno. "Kapepala kopyapyala chonchi? Iyi ndi lainingi chabe, kansalu ka m'kati. Chovala sitichiweruzira kulainingi."

"Malonda akwera," anatero kalaliki. "Pomwe chaka chatha analandira handiredi, chaka chino alandira handiredi ndi twente."

Telala anawomba m'manja, tepi ili lendelende m'khosi. "Basi! Tsekani buku! Imbani foni!"

"Koma mitengo ya katundu inakwera ndi sate."

"Ndiye?"

"Ndiye kuti agulitsa zinthu zochepa kuposa chaka chatha. Angogulitsa modula."

"Koma ndalama zachuluka?"

"Zachuluka."

"Nanga mukulira chiyani?"

"Sindikulira."

"Nkhope yanuyo."

"Ndi mmene ilili."

"Mlongo wanu anakongola bwanji, banja limodzimodzi? Chabwino, nenani phindu."

"Liti? Pali mizere itatu."

"Lalikululo."

"Lalikulu ndi lapamwambali. Apa sanalipire antchito, sanalipire lendi, sanalipire magetsi."

"Limenelo, limenelo!"

"Limenelo si lanu."

"Langa ndi liti?"

Chala cha kalaliki chinayamba kutsika tsamba.

"Chikutsikiranji chalacho? Imani! Mukundichititsa chizungulire."

"Apa ndi atalipira zonsezo. Nambala iyi aiika m'mabulaketi."

Telala anawerama, namwetulira ngati wakumana ndi mnzake wa ntchito. "Aipinda mpendero. Chinthu chamtengo timachipinda m'mphepete kuti chisasosoke. Anthu audongo amenewa."

"Kwathu ku maakaunti mabulaketi ndi kuluza."

"Kwanu."

"Konsekonse."

"Nanga iyi yapansi penipeni, yopanda mpendero?"

"Limenelo ndi phindu."

"Ehe! Mwanena nokha! Pakamwa panu pomwepo!"

"Koma tione kumene lachokera."

"Lachokera kwa anthu! Inu mumakhala muofesi, fani ikukupepani, dziko simulidziwa. Ine Loweruka ndinapita ndekha kusitolo yawo yaikulu ija. Mzere, alamu! Unakhota kuseri kwa mafiriji mpaka ku sopo. Ndinaima miyendo kuchita dzanzi. Sitolo yoluza imakhala ndi mzere?"

"Matilo olipirirapo otsegula anali angati?"

"Imodzi."

"Otseka?"

"Ndinapita kukawerenga matilo ine? Enawo anaphimba nsalu. Nsalu yabwino ndithu, yolimba."

Kalaliki anatembenuza tsamba. "Pa antchito atatu alionse, achotsa mmodzi."

"Kumeneko ndiye kusamala ndalama. Antchito amaba."

"Munagula chiyani?"

"Ndani?"

"Inu. Loweruka."

Telala anatola sizasi, naiikanso pomwe inali. "Ndinali ndi ntchito. Ndinasiya basiketi pansi n'kutuluka."

"Enanso anasiya?"

"Anthu a masiku ano ndi osapirira. Koma mashelefu, alamu! Odzaza mpaka kudenga. Buku lanulo likuti chiyani za katundu? Linene bodza timve."

"Likuti katundu wachuluka kwambiri."

"Chuma chimenecho!"

Kalaliki analoza ndi bolopeni kukhoma, kumene zovala zinapachikidwa pa waya. "Diresi lobiriwiralo ndinaliona pomwepo chaka chatha."

"Mwini wake abwera."

"Analipira?"

"Abwera, ndati."

"Nsalu inali yanu?"

"Alamu, mwabwera kudzawerenga kampani kapena kudzandiwerenga ine?"

"Ndikungofunsa ngati diresilo ndi chuma."

"Ndi diresi!"

"Awowa ali ndi madiresi otero odzaza nyumba zosungiramo katundu. Lanu n'labwinoko, silivunda. Awo ena ndi mkaka."

Telala anaimirira, nakachotsa diresi lija pa waya, n'kulikankhira m'kabati, fumbi lili koboo. Anabwerera akuyetsemula.

"Mukudziwa vuto lanu?" anatero akupukuta mphuno. "Nsanje. Anthu ophunzira simufuna mmisiri akwere. Mukufuna ndife ndikupondaponda pano, ndikufupikitsa mabuluku a anthu onenepa. Ine ndikufuna ndikalowa m'sitolo muja, mlonda azivula chipewa, aziti, 'Eni ake afika.'"

"Mlonda sadzadziwa."

"Ndidzamuuza!"

"Masheya onse a kampani akanakhala nsalu yodzaza shopu ino, anu akanakhala ulusi uwu." Kalaliki anatola kaulusi pa bondo lake, nakaonetsa.

"Ulusi ndi umene umagwira chovala. Tayani uko. Kwatsala chiyani?"

"Ngongole. Yawirikiza kawiri."

"Mwaona ulemu umenewo? Banki sikongoza wosauka. Ine ndinapitako ndi mapepala onse, anangondipatsa madzi akumwa."

"Chiwongoladzanja chokha chikudya ndalama zambiri kuposa malipiro a antchito onse a pa matilo."

"Abanki nawonso ali ndi ana."

"Ndipo ena amene amawaperekera katundu sanalipidwe miyezi isanu."

"Nzeru za malonda! Wochenjera salipira msanga."

"Paja inu mumati mwini diresi lija ndi mbava."

"Iyeyo ndi mbava! Awa ndi kampani!"

Foni ya telala inalira. Anaiyankha akuyang'ana kudenga. "Ee, bwana. Mwafika pa mphambano? Khoterani kumanzere, muona chikwangwani cha sizasi. Ee, ali okonzeka." Anadula, napita pakona, navundukula makina aja. Kunena zoona munthuyu makinawo ankawakonda. Ndiwo anaphunzitsa ana, ndiwo ankasoka mayunifomu a sukulu yonse pa sabata limodzi, ndipo kupatula iwo m'shopumo munangotsala kamakina kakale kopondera, kamene kankadumpha ulusi kakakwiya. Anawapukuta ndi mkono wa malaya, mtima ukumuwawa, koma khosi lili gwa.

"Fulumirani. Gawo lathu eni masheya, lija amagawa pakutha pa chaka, ndi zingati?"

"Chaka chino palibe."

"Akutisungira."

"Sanalembe choncho."

"Zina sizilembedwa, alamu. Anthu aulemu amamvana ndi maso."

"Zimene alemba ndi izi: malipiro a tcheyamani ndi anzake akwera ndi theka."

Telala anamenya thebulo mokondwa. "Ndinanena! Ndinati nsalu imeneyo ndi yodula! Diso langa silinama."

"Ndiye kuti sutiyo mwagula ndinu."

"Sindinagulebe masheya."

"Ndiye muigula."

"Mverani kuno. Tinene kuti zavuta, ngakhale sizingavute. Kampani ili ndi nyumba. Zimasitolo zija, magalasi okhaokha, malo oimika magalimoto ngati bwalo la mpira. Zikavuta tigulitsa imodzi, tigawana."

"Anagulitsa kale."

"Ati?"

"Nyumba zinayi zazikulu. Ija munaimamo pa mzere ili m'gulu lomwelo."

"Bodza! Ndinalowamo Loweruka, inalipo!"

"Ilipo. Mwini wake ndi wina. Anagulitsa, kenako n'kuyamba kulipira lendi momwemo. Phindu lija munalivinira, lapansi penipeni, lachokera pamenepo. Mukachotsa ndalama za nyumbazo, patsala mabulaketi okhaokha."

Telala anaseka, kuseka kwa munthu wonyoza. "Ayi, mwawerenga molakwa. Munthu wamutu wake kugulitsa nyumba yake, n'kumalipira lendi m'chipinda chake chomwe, n'kuvala suti kukajambulitsa kuti wapindula? Nanga chaka chamawa agulitsa chiyani, zitseko? Kumeneko n'kuganiza kwa kalipentala wogulitsa sowo yake n'kumayenda mumsewu akuliza ndalama m'thumba. Mawa adulira chiyani matabwa, mano?"

Kalaliki anangotembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Mukuyang'ana chiyani?"

"Makina."

"Makina atani?"

"Palibe. Mwafunsa chimene ndikuyang'ana."

"Zanga ndi zosiyana!"

"Chabwino."

"Musati chabwino ndi mawu amenewo!"

"Ndilibe ena."

"Ine sindikugulitsa chifukwa cha mavuto. Ine ndikukwera. Ndikuchoka pa mpando wa telala kupita pa mpando wa... wa..."

"Masheya alibe mpando. Amakutumizirani kalata kamodzi pa chaka."

"Ha! Mlongo wanu ananditumizira munthu kapena mwala?"

"Kwatsala tsamba limodzi. La owunika mabuku."

"Amenewo ndiye ndani?"

"Anthu akunja kwa kampani. Amabwera kudzaona ngati manambala ndi oona."

"Ehe. Ndiye akuti ndi oona?"

"Akuti ndi oona."

"Tamandani! Nkhani yatha!"

"Ndi oona kuti zinthu zaipa. Pansi apa, pa zilembo zing'onozing'ono, akuti akukayika kwambiri ngati kampaniyi ingathe kupitiriza malonda chaka chamawa, pokhapokha abanki atawaleza mtima."

"Akukayika."

"Ee."

"Kukayika si kudziwa. Mlongo wanu anandikayikira zaka zitatu asanandilole. Lero tili ndi ana anayi."

"Amakayikabe."

"Chiyani?"

"Anandiuza dzulo. N'chifukwa chake ndili pano."

Telala anazungulira thebulo, naponda mapini, natukwana mapiniwo.

"Zilembo zazing'ono n'zamanyazi," anatero. "Akanakhala otsimikiza akanalemba zazikulu. Ndipo inu pali chimene simukudziwa, poti sichili m'buku lanulo. Mkulu amene akundisakira masheyawa wandinong'oneza. Akuti pali munthu wina ali ndi mulu wa masheya amenewa, akuwataya pa theka la mtengo umene anagulira. Theka, alamu! Mwayi wotere umagogoda kawiri?"

"Nsalu mukaipeza pa theka la mtengo mumatani?"

"Ndimaitambasula padzuwa kuona ngati njenjete zadya."

"Ndi zimene ndakhala ndikuchita."

Panja panamveka hutala, kenako kalole kakubwerera m'mbuyo kulunjika pakhomo. Telala anayang'ana chitseko, nayang'ana makina, nayang'ana kamakina kopondera kali duu pakona. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kunyowetsa tepi. Mantha anali atamugwira, koma munthu wotere kuti avomere kuti mlamu wake wanena zoona, bola kumeza singano. Anatsomphola buku lija m'manja mwa kalaliki n'kuyamba kulivundukula mwaukali, kufunafuna pothawira.

"Dikirani. Dikirani! Ichi n'chiyani?"

"Chithunzi. Tcheyamani akudula riboni."

"Taonani mkono wa jekete! Wafika pa zala! Malaya sakuoneka n'komwe! Ndipo kumbuyoku, taonani, nsalu yatundumuka ngati abisamo mkate. Koyambirira kuja anamujambula ataima chammbali, atapinda mkono. Akamberembere!"

"Sindikuona kusiyana."

"Mungaone bwanji, inu wovala jekete la m'kaunjika? Suti iyi sinasokedwere iyeyu. Ndi yobwereka!"

"Za sutiyo lipoti silinanene."

"Silinganene! Munthu wobwereka suti angasunge ndalama zanga? Pang'onong'ono ndikanalowa m'dzenje, inu muli pompano mukuwerenga timabulaketi!"

"Ndinanena kuti..."

"Munanena chiyani? Ola lathunthu mkaka, matilo, lendi. Chinthu chenicheni chili poyera, ndachigwira ndine. Sukulu ndi kutaya nthawi."

Anathamangira pakhomo, natulutsa mutu. "Bwana! Pepani, bwererani! Makina sakugulitsidwa! Ee, ndasintha! Mafuta anu? Mudzabwere ndi buluku, ndidzakufupikitsirani ulere!" Kalole kanachoka mokalipa, utsi uli tolotolo. Telala anabwerera, naphimba makina ake bwinobwino, nawasisita pamsana. Kenako anakhala pa mpando, natambasula miyendo, mwamatama ngati wapambana mlandu.

"Mukauze mlongo wanu kuti mwamuna wake ali ndi diso. Koma amene ndikumumvera chisoni, ayi, sindikumumvera n'komwe, ndi uja wa mulu wa masheya. Ankayesa wapeza wopusa! Adye mapepala akewo, athire mchere. Munthu wanji wogula zinthu zovunda chonchi mulu wathunthu? Ameneyo mutu wake ndi woikapo chipewa basi. Ndikanakonda nditamuona, ndimuyeze mutuwo ndi tepi. Chitsiru cha munthu!"

Kalaliki anatseka buku, nalisalaza ndi dzanja, nalowetsa bolopeni m'thumba.

"Yezani, alamu."

"Ndiyeze chiyani?"

"Mutu. Mwati mukanakonda mutamuona."

Telala anabweza miyendo. "Inu?"

"Masheyawo ndinawagula mabulaketi asanabwere. Ndalama zonse zimene ndinkasungira puloti. Chaka chonse mkulu wa masheya uja wakhala akundisakira wogula. Sabata yatha anandiimbira kuti wapezeka mmodzi, telala."

"Ndiye... mumadziwa kuti ndine?"

"Achemwali atandiimbira, ndinadziwa."

"Ndiye mwakhala apa, pa mpando wanga, kundiwerengera ngongole, mkaka wovunda, zilembo zing'onozing'ono, mukudziwa kuti mukuthamangitsa kasitomala wanu yekhayo? Mutu wanu ukuyenda? Bwanji simunangoti zili bwino?"

Kalaliki anaimirira, nasasa tiulusi pa buluku lake.

"Achemwali anati ndidzakuwerengereni lipoti," anatero. "Akanati ndidzakugulitseni masheya, bwenzi makinawo nditakweza ndekha pa lole."